ZA M'MABANJA MWATHU: Mpira pa Kanema, Mwana Ali m'Njira

Mwezi uno tifuna kuceza za amuna amene sacepa m'maparishi mwathu: amene akazi ao ali ndi pakati, koma iwo maso ali pa mpira wa pa wailesi ya kanema. Tiwadziwa bwino, pakuti ndi ana athu, akamwini athu ndi anzathu a mumphakati. Ambiri a iwo ndi anthu abwino, olimbika pa nchito, ndipo amakondadi akazi ao. Bvuto ndi lakuti miyezi 9 imene mai amanyamula mwana imafuna mwamuna wokhala pafupi ndi woganiza msanga, pamene kanema nayenso amafuna mwamuna yemweyo, pa maola omwewo, ndi ndalama za m'thumba lomwelo. Akuluakulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Tiyeni tione mmene tate woyembekezera mwana angapewere kubvumbwa.

Tinene poyera poyamba kuti sitidana ndi mpira. Tingadane nao bwanji ife a mu Zambia? Acikulire pakati pathu akumbukira mau a malemu Dennis Liwewe, amene anatisiya mu 2014, akuulutsa masewera mudzi wonse utaunjikana pa kawailesi kamodzi ka mabatire. Tikumbukira caka ca 1988, pamene anyamata athu anagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0 pa masewera a Olympics ku South Korea, Kalusha Bwalya atamwetsa zitatu yekha. Tikumbukira usiku wa pa 27 Epulo 1993, pamene ndege imene inali pa ulendo wa ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, nipha anthu 30, pakati pao osewera athu 18. Caka cotsatira timu yatsopano inafika pa ndime yotsiriza ya cikho ca Africa ku Tunisia, nigonja kwa Nigeria 2 kwa 1. Ndipo pa 12 Febuluwale 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, Stoppila Sunzu anamwetsa penate imene inatipatsa cikho, Ivory Coast itagonja 8 kwa 7. Usiku umenewo anabvina ngakhale agogo osadziwa kusiyana kwa kona ndi penate. Cinthu cimene taliria limodzi ndi kusekera limodzi motere sitingacione ngati cacabe.

Cimene casintha ndi kuculuka kwake. Kale mpira unali kubwera kamodzi pa mlungu, ndipo munthu anali kuumvera pa wailesi manja ali pa nchito ina, wina akusema mpini, wina akukonza njinga pakhonde. Amene anali ndi kanema anali kuona ZNBC yokha, imene inali kutsegula madzulo ndi kutseka usiku, anthu n'kukagona. Pakati pa zaka za m'ma 1990 kunabwera madishi a DStv, mu 2011 kunabwera GOtv ya mtengo wotsikirapo, ndipo lero mpira ulinso pa foni ya m'manja. Loweruka ndi Sondo kuli ligi ya ku England ndi ya ku Spain, kuonjezera pa matimu athu a Nkana, Power Dynamos, Zanaco ndi ena. Laciwiri ndi Lacitatu kumakhala Champions League, Lacinai Europa League. Masewera ausiku a ku Ulaya amayamba 21 koloko kapena 22 koloko pa nthawi ya kuno, kulingana ndi nyengo ya kumeneko, cotero woonerera amafika panyumba usiku uli pakati. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo amuna oculuka anazolowera kukaonera mpira kumene kuli jenereta kapena sola, ndiko kubala ndi kuthaveni. Cizolowezi cotere cikagwira sicitha pa tsiku limene magetsi abwerera.

Ndandanda ziwiri

Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti ndi kutha mu Meyi, timu iliyonse itasewera masewera 38. Imeneyi ndi miyezi 9, pafupifupi nthawi yomwe mwana amakhala m'mimba mwa mai wake, imene azaumoyo amaiwerenga milungu 40. M'miyezi yonseyi wokonda mpira weniweni saphonya kanthu. Adziwa kuti timu yake ili pa nambala iti, ndani wabvulala bondo ndipo adzabwerera liti, ndani watsala ndi khadi limodzi lacikasu kuti aimitsidwe. Zimenezi zitionetsa kuti mwamunayu si woiwalaiwala. Atha kusunga masiku m'mutu, atha kupatula ndalama mwezi ndi mwezi kuti dikoda isatsekedwe, ndipo atha kugonjetsa tulo mpaka usiku. Mphatso zimenezi ndizo zomwe mkazi wapakati afuna kwa mwamuna wake.

Tsono tiyeni timufunse mafunso ena. Kodi pakati pa akazi anu pali pa mlungu wacingati? Tsiku lotsatira la sikelo ndi liti? Anamwino analemba tsiku liti pa khadi loyembekezera kucira? Ulendo wapitawu anati ciani za magazi ndi za BP? Mwamuna akamayankha za Arsenal kapena Manchester United mosadodoma, koma pa mafunso awa n'kukanda m'mutu, ndiye kuti akutsata ndandanda imodzi ndi kusiya ina, ndipo yosiyidwayo ndiyo ili ndi moyo wa anthu awiri.

Ndandanda ya pakati si yobvuta kuiphunzira. Kuyambira mu 2016 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mai wapakati aonane ndi azaumoyo kosacepera ka 8, ndipo ulendo woyamba ukhale milungu 12 isanathe. Kusikelo amayeza kuthamanga kwa magazi, kuculuka kwake, ndi kakulidwe ka mwana. Amapereka mapiritsi oonjezera magazi, katemera wa kafumbata, ndi mankhwala a Fansidar oteteza malungo mwezi wacitatu ukatha, ndipo amalangiza kuti mai azigona m'neti usiku uliwonse, pakuti malungo amacepetsa magazi a mai ndi kucititsa kuti mwana abadwe wocepa thupi kapena masiku asanakwane. Amayezanso kacirombo ka HIV ndi cindoko, ndipo apa mpamene mwamuna amafunika kwambiri, cifukwa mkazi akalandira mankhwala yekha mwamuna osayezedwa, matenda ngati cindoko amabwereranso m'nyumba yomweyo. Mwamuna amene atha kukhala pa benci la kubala maola awiri angathe kukhalanso pa benci la kukiliniki m'mawa umodzi. Anzake angamuseke kuti wadyetsedwa mankhwala. Asekedwe ndithu, kuseka sikutupitsa munthu.

Za makolo ndi za lero

Makolo athu sanali kumuona mwamuna ngati mlendo pa nkhani ya pakati. Pakati poyamba pakaoneka, anankungwi anali kucita mwambo wa cisamba, ndipo malangizo sanali a mkazi yekha. Mwamuna nayenso anali kuuzidwa kuti adzisunge ndi kuleka kuyendayenda, pakuti anali kukhulupirira kuti mayendedwe ake angabweretse tsoka pa tsiku la kucira. Sitifunika kubvomereza zonse zimene iwo anali kunena za mdulo kuti tione nzeru imene inali pansi pake, yakuti pakati pamamanga anthu awiri. Ndipo liu lomweli lakuti "pakati" acikulire amalimasulira kuti mai ali pakati pa moyo ndi imfa mpaka tsiku limene adzatuluke m'cikuta mwana ali m'manja.

Komatu pamudzi mwamuna anali ndi omuthandiza ambiri. Kwa Acewa, kumene mkamwini amakhala kwao kwa mkazi, mai wapakati anali atazingidwa ndi amai ake, agogo ake ndi akulu ake. Iwo ndiwo anali kuona ngati mapazi atupa, kumutungira madzi ndi kumusinjira cimanga. Matenda akayamba usiku, mwamuna anali kungogogoda pakhomo loyandikana, iye n'kukakhala panja kudikira nthungululu. Lero banja latsopano likhala m'zipinda ziwiri za lendi ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero kapena ku Kapata mu Chipata, apongozi ali kutali ku Katete kapena ku Chadiza, ndipo oyandikana nao nyumba ndi anthu amene anasamukira pamenepo mwezi watha. Nchito imene inali ya amai asanu yagwera mwamuna mmodzi. Iye akatuluka madzulo kukaonera mpira, mkazi amatsala yekha kuseri kwa citseko cokhoma. Mwamuna wotere akanena kuti za pakati ndi za akazi, monga anali kunenera atate ake, tiyenera kumufunsa kuti akaziwo ali kuti.

Maola awiri

Azaumoyo amanena kuti amai ambiri amene amamwalira pa ucembere amafa kaamba ka kucedwa kwa mitundu itatu: kucedwa kuganiza zopita kucipatala, kucedwa panjira, ndi kucedwa kulandira thandizo atafika. Kucedwa kwacitatu ndi nkhani ya boma ndi zipatala, ndipo tili ndi ufulu wofunsa atsogoleri athu za iko. Koma kuwiri koyambako kumacitikira m'nyumba, ndipo kawirikawiri kuli m'manja mwa mwamuna, pakuti ndiye amasunga ndalama ndipo ndiye mkazi amadikira kuti anene mau akuti "tiyeni". M'nyumba zambiri mumamveka kukambirana kotere: "Atate, mutu wandipweteka kuyambira masana, ndipo maso akucita cidima." Yankho n'kukhala lakuti, "Imwani madzi, amai, kwatsala mphindi 20 cabe." Mwamunayo si wankhanza iai. Sadziwa kuti zimene wamvazo ndi belu la ngozi.

Cotero tate aliyense woyembekezera aloweze zizindikiro izi monga amalowezera maina a osewera 11. Mai akayamba kutaya magazi, ngakhale ocepa, mutu ukamupweteka kwambiri maso n'kumacita cidima, akatupa nkhope ndi manja, akakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, thupi likatentha kwambiri, m'mimba mukapweteka kosalekeza, akamabanika popuma, akataya madzi matenda asanayambe, kapena mwana akasiya kusewera m'mimba monga amacitira masiku onse, palibe kudikira kuti kuce ndipo palibe kuyamba mwapita kwa sing'anga. Ulendo ndi wa kucipatala nthawi yomweyo. Tsiku limene anamwino amalemba pa khadi nalonso ndi loyerekeza cabe. Ana ocepa okha ndiwo amabadwa pa tsikulo, ndipo kuyambira mlungu wa 37 usiku uliwonse ungakhale usiku wake.

Pali ciwerengero cimodzi cimene wokonda mpira sangaciiwale akacimva. Masewera amodzi, kuphatikiza nthawi yopuma ndi mphindi zoonjezera, amatenga pafupifupi maola awiri. Mai amene wacirira panyumba nayamba kutaya magazi ambiri angathe kumwalira m'maola awiri omwewo ngati palibe thandizo, ngakhale anali wa thanzi. Kucipatala kuli jakisoni wothandiza cibaliro kubwerera ndi kuletsa magazi, koma panyumba palibe. N'cifukwa cake boma limalimbikitsa kuti mai aliyense azicirira kucipatala, ndipo n'cifukwa cake foni imene yasiyidwa m'thumba pakati pa phokoso la ocemerera ingasanduke cinthu cimene munthu adzalira naco moyo wake wonse. Tsoka silinunkha.

Mankhwala a kucedwa ndi kukonzeka kudakali nthawi. Mwezi wacisanu ndi ciwiri usanathe, mwamuna ndi mkazi akhale pansi ndi kugwirizana: tidzacirira kuti, tidzapita pa ciani, ndani adzatsala ndi ana ena, ndani tingamudzutse usiku. M'tauni mwamuna akhale ndi manambala a oyendetsa takisi awiri, osati mmodzi, ndipo foni ikhale ndi moto ndi ndalama zoimbira. Kumudzi aonetsetse kuti njinga ili bwino kapena kuti mwini ngolo wauzidwa kale, makamaka m'nyengo ya mvula pamene mitsinje imadzaza. Zipatala zambiri za kumidzi zili ndi nyumba zodikiriramo amai apakati, ndipo amene akhala kutali ndi bwino apite kumeneko masiku akayandikira. M'midzi yambiri mulinso magulu odzipereka odziwika kuti SMAG, amene ali ndi amuna ndi akazi omwe, ndipo nchito yao ndi kuthandiza mabanja pa zokonzekera zomwezi.

Thumba limodzi

Tibwere ku ndalama. Mwana asanabadwe amafuna kale zinthu: zitenje, matewera, zobvala, bulangeti, beseni, sopo, ndi zina zimene anamwino a pa kiliniki yanu adzachula. Mai afuna cakudya cabwino, nyemba, nsawawa, kapenta, mazira ndi ndiwo zamasamba, pakuti akudyera awiri. Pafunikanso ndalama yapadera ya ulendo wa usiku, imene siyenera kukhudzidwa ngakhale ufa utatha. Zonsezi zimacokera m'thumba lomwelo limene limalipira dikoda mwezi ndi mwezi ndi kugula botolo la pa masewera alionse. Sitipereka mitengo pano, pakuti banja lililonse lidziwa yake. Tingopempha kuti mwamuna atenge pensulo, alembe zimene mpira unamudyera mwezi watha, aziculukitse ka 9, ndipo aike ciwerengeroco pafupi ndi mndandanda wa zofunika za mwana. Ambiri adzaona kuti kutsika pa phukusi la mtengo wapamwamba kupita pa lotsika, kwa miyezi yocepa cabe, kukwanira kudzaza cikwama ca kucipatala.

Coopsa koposa ndi kubecha. Masiku ano njuga siifunanso kuti munthu apite kuseri kwa msika. Ili pa foni, ndipo imalengezedwa pakati pa masewera omwewo. Imakopa kwambiri mwamuna woyembekezera mwana, cifukwa nkhawa ya ndalama imamunong'oneza kuti tikiti imodzi yamwai idzagula zonse tsiku limodzi. Koma makampani a njuga amakonza mitengo yao mwa njira yakuti, masewera onse akawerengedwa pamodzi, iwo ndiwo atsale ndi phindu. Tikiti ya matimu khumi imalonjeza ndalama zambiri pa cifukwa cimodzi cokha, cakuti imagwa pafupifupi nthawi zonse. Cakomacakoma pusi anagwa cagada. Mwamuna amene wafika pobisira mkazi wake zimene waluza, kapena pokhudza ndalama ya takisi ija, asacite manyazi kuuza ankhoswe kapena Bambo a paparishi, madzi asanafike m'khosi.

Za tsiku ndi tsiku

Si usiku wa ngozi wokha umene uli ndi kanthu. Masiku wamba nawonso amamanga banja kapena kuliphwasula. M'miyezi yotsiriza msana umawawa, mapazi amalemera, tulo timabvuta, ndipo kuwerama pa mbaula kapena kusenza cigubu ca malita 20 kucokera kumpope ndi cinchito. Mwamuna amene atunga madzi, kugula makala ndi kucapa zolemera masewera asanayambe adzaonera mpira wake ndi mtima woyera, ndipo nsima idzamukomera. Amene afika ndi anzake asanu, natenga mipando yonse, nakweza mau a kanema mpaka usiku, nayembekeza kuti mai wa miyezi 8 aziwaphikira tiyi, akudzikumbira dzenje lake. Ndipo timu ikagonja, mkwiyo utsale pabwalo pomwepo. Mkazi sanasankhe osewera ndipo sanaphonye penate. Kumukalipira ndi kucimwa, ndipo kumumenya ndi mlandu pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa lamulo la dziko lathu la 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi.

Kwa inu amai tili ndi mau ocepa. Musabise masiku anu kapena zowawa zanu poganiza kuti mwamuna wabwino ayenera kudziwa yekha. Ambiri a iwo palibe anawaphunzitsa. Muonetseni khadi la sikelo, mumuuze zimene anamwino ananena, ndipo mwana akamasewera m'mimba itanani atate ake aike dzanja amve. M'miyezi yotsiriza mwana amamva mau a kunja, ndipo ndi bwino kuti azolowere liu la atate ake likulankhula mofatsa. Musalimbane ndi mpira ngati kuti ndi mkazi mnzanu. Gwirizanani kuti ndi masewera ati amene ali ofunikadi kwa iye pa mlungu, ndi kuti kuyambira mwezi wacisanu ndi citatu adzaonera panyumba kapena pa khomo loyandikana, foni ili m'manja, mowa ali ataupumira. Amuna ambiri amasunga pangano limene analipangana nao mwaulemu.

Atate ena amalota mwana wamwamuna woti adzaonere naye mpira, ndipo nkhope imagwa akamva kuti wabadwa wamkazi. Amenewa akumbuke kuti pa masewera a Olympics a ku Tokyo mu 2021, Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu pa masewera amodzi kawiri motsatizana, ndi kuti mu 2023 atsikana athu a Copper Queens anasewera m'cikho ca dziko lonse, kumene timu yaikulu ya amuna sinafikeko. Mwana ndi mphatso, ndipo wolandira mphatso sasankha.

Citsanzo ca atate athu

Mpingo suona masewera ngati mdani. Papa John Paul II, amene anatiyendera kuno mu Meyi 1989, anali goloboyi pa unyamata wake ku Poland. Iye yemweyo, mu uthenga wake wa 1994 wonena za kanema ndi banja, anaphunzitsa kuti kanema angalemeretse moyo wa banja, komanso angatsekere aliyense wa m'nyumba m'kadziko kakekake. Malemu Papa Francis anali wocemerera timu ya San Lorenzo ya ku Buenos Aires moyo wake wonse, koma mu 2015 anauza nyuzipepala ina ya ku Argentina kuti sanaonere kanema kuyambira mu Julai 1990, kaamba ka lonjezo limene anacita kwa Amai Maria, ndipo kuti msilikali wina womulonda ndiye anali kumuuza zotsatira za masewera mlungu ndi mlungu. Sitipempha atate athu kucita lonjezo lalikulu lotero. Tingoona kuti munthu angathe kukonda timu yake ndi mtima wonse, naphonya masewera ake, dziko osagwa.

Tili ndi Yosefe Woyera, amene nayenso anali tate woyembekezera, kutali ndi kwao, wopanda apongozi pafupi. Mabuku a Uthenga Wabwino sanasunge liu lake ngakhale limodzi; anasunga zocita zake. Mateyo Woyera atiuza kuti atacenjezedwa za ngozi, anadzuka usiku womwewo, natenga mwana ndi mai wake kupita ku Ejipito. Anali pafupi, anamva, ndipo sanadikire kuti kuce. Ife a mumphakati tingathandize atate a lero kukhala otero. Acikulire a m'bungwe la amuna acezere anyamata amene akuyembekeza mwana woyamba ndi kuwauza zimene anankungwi akale anali kunena. Amai a mumphakati adziwe nyumba zimene muli wapakati, ndipo amene ali ndi galimoto anene poyera kuti angadzutsidwe usiku. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu anzake a pa mpira, mukamuona mnzanu pabala mkazi wake ali m'masiku, cikondi ceniceni ndi kumuuza kuti, "Acimwene, pitani kunyumba, zigoli tidzakutumizirani pa foni."

Mwana akabadwa, nchito imapitirira. Lamulo la anchito la 2019 limapatsa mai chuthi ca milungu 14, ndipo tate amene wagwira nchito kwa bwana mmodzi miyezi 12 limamupatsa masiku 5 a nchito, oyenera kutengedwa pasanathe masiku 7 mwana atabadwa. Masiku amenewa si oonera masewera amene anaphonyedwa kapena omwera mowa wa cikondwerero. Mlungu woyamba ndiwo woopsa kwambiri kwa mai ndi khanda lomwe, ndipo tate ayenera kuyang'anira ngati mai akutaya magazi ambiri kapena kutentha thupi, ndi ngati mwana akuyamwa bwino, ndi kuwaperekeza kukiliniki pa masiku amene anamwino anena. Amene adzigwirira nchito okha pamsika kapena kumunda alibe wowapatsa chuthi; adzipatse okha monga angathere.

Pa kanema munthu ndi woonerera cabe. Angafuule mpaka mau kutha, zigoli sizisintha, ndipo osewera a ku London kapena ku Madrid sadziwa kuti iye aliko. Panyumba ndi pamene kupezeka kwake kumasintha zotsatira. Masewera ophonyedwa amaonetsedwanso m'mawa mwake, ndipo ligi ikatha mu Meyi imayambanso mu Ogasiti, koma mwana uyu adzabadwa kamodzi, ndipo mai wake adzakumbukira moyo wake wonse amene anali naye usiku umenewo. Zaka zocepa zikubwerazi mwanayo adzakhala pa miyendo ya atate ake kutsogolo kwa kanema, akufunsa kuti Chipolopolo ndi ati, ndipo atate adzamusimbira za Libreville. Cimwemwe cimeneco ticifunira nyumba iliyonse, mai ali pomwepo wamoyo ndi wathanzi.

Pempho lathu la mwezi uno ndi laling'ono. Inu atate oyembekezera, madzulo ano pemphani khadi la sikelo kwa amai a kunyumba, muliwerenge lonse, ndipo mulembe masiku ake pa kalendala yomweyo pamene mumalemba masewera. Pamene masiku awiri agundana, mudziwa kale loyenera kupambana. Banja Loyera la ku Nazareti likusungeni inu, akazi anu ndi ana amene ali m'njira. Tidzacezanso mwezi wamawa.